Mawu akamuthawa mwini wake: Maria Callas ndi filimu ya masiku ake omaliza

Pa 16 Sepitembala 1977, m'nyumba ina mumsewu wa Avenue Georges Mandel ku Paris, mayi wa zaka 53 anagwa pansi osadzukanso. Mtima unaima. M'nyumbamo munalibe mwamuna, mwana kapena m'bale; munali antchito ake awiri ndi tiagalu take. Mayiyo anali Maria Callas, woyimba opera wotchuka, amene Ataliyana ankamutcha La Divina, kutanthauza kuti kayimbidwe kake kanali ngati sika munthu wamba. Filimu yotchedwa Maria imayambira pomwepo, thupi lili gone pabalaza, kenako imabwerera m'mbuyo sabata imodzi kuti tione mmene anafikira pa tsikulo.

Anakonza filimuyi ndi Pablo Larraín wa ku Chile, analemba nkhani yake ndi Steven Knight, ndipo amene akusewera ngati Callas ndi Angelina Jolie. Inaonetsedwa koyamba ku chikondwerero cha mafilimu ku Venice mu Ogasiti 2024, ndipo Netflix inaitenga. Larraín anali atapanga kale mafilimu awiri a mtundu womwewu: Jackie mu 2016, wonena za Jacqueline Kennedy m'masiku otsatira kuphedwa kwa mwamuna wake John F. Kennedy, pulezidenti wa America, ndi Spencer mu 2021, wonena za Diana, wa ku banja lachifumu la Britain, pa Khirisimasi ina yowawa. Njira yake ndi imodzi: satsata moyo wonse kuyambira kubadwa, amangotola masiku ochepa pamene mayi wotchuka wapanikizika, n'kumuyang'anitsitsa.

Ndinaionera kawiri. Ulendo woyamba ndinatengeka ndi kukongola kwake. Ulendo wachiwiri ndinayamba kuda nkhawa ndi munthu amene sanamvepo za Callas, kuti atuluka akuganiza kuti waona nkhani ya mayi wolemera amene anasweka mtima chifukwa chibwenzi chinamusiya. Chimene Callas anataya chinali chachikulu kuposa chibwenzi, ndipo kuti tichimvetse tiyenera kuyambira pa funso lakuti mawu a woyimba opera n'chiyani kwenikweni.

Opera ndi sewero limene ochita ake amayimba m'malo molankhula. Inayambira ku Italy cha m'ma 1600. Kutsogolo kwa siteji kumakhala malo otsika kumene kumakhala oyimba zida, nthawi zambiri opitirira 60, ndi mavayolini, malipenga ndi ng'oma zawo. Kuseri kwa iwo kuli anthu odzaonera, amene m'nyumba ngati La Scala ya ku Milan amafika pafupifupi 2,000. Woyimba alibe maikolofoni. Mawu ake ayenera kulumpha gulu lonse la zida lija n'kukafika kwa munthu amene wakhala pa mpando wakumapeto kwenikweni, m'mwamba, ndipo ayenera kukafika ngakhale pamene akuyimba motsitsa ngati wonong'ona. Zimenezi zimachitika kwa maola awiri kapena atatu, munthu akuyenda, akugwada, akulira, akufa pa siteji.

Chimene chimachita ntchito yonseyi ndi timinofu tiwiri tam'kholingo, timene mwa akazi sitikwana masentimita awiri m'litali. Mpweya wochokera m'mapapo ukamadutsa pakati pake, timanjenjemera. Pa mawu okwera kwambiri a soprano timanjenjemera kopitirira ka 1,000 pa sekondi imodzi. Koma kholingo lokha silingathe. Mphamvu imachokera pansi, ku minofu ya pamimba, ya m'nthiti ndi ya kumsana, imene imagwira mpweya kuti uzituluka pang'onopang'ono ndi mulingo umodzi. Minofu imeneyi ikafooka, khosi limayamba kusenza katundu amene si wake, ndipo mawu okwera amayamba kugwedezeka. Aliyense amene anakhalapo m'kwaya akudziwa kamvekedwe kameneka: mayi amene kwa zaka zambiri ndiye ankatsogolera nyimbo, tsiku lina akafika pamwamba mawu amadzandira, ndipo iye mwini ndiye amayamba kumva anzake asanamve. Woyimba gitala, chida chikathyoka amagula china. Woyimba opera chida chake ndi thupi lake, ndipo chikayamba kutha palibe sitolo yokagulako china.

Callas anabadwira ku New York pa 2 Disembala 1923, kwa makolo ochokera ku Greece a dzina la Kalogeropoulos. Banjalo linali losagwirizana, ndipo mu 1937 mayi ake anamutenga kubwerera ku Athens. Anali mwana wonenepa, wa maso osaona patali, ndipo iye mwini ankanena poyera kuti mayi ake ankakonda mkulu wake amene ankaoneka bwino, pamene iyeyo ankamukankhira ku nyimbo. Akuluakulu anati ukaipa dziwa nyimbo, ndipo mwanayu anaidziwa nyimbo mpaka dziko lonse linagwada. Koma bala la kudziwa kuti amakondedwa pokhapokha akayimba silinapole. Ku Athens anaphunzira kwa Elvira de Hidalgo, woyimba wa ku Spain, amene anamuphunzitsa kayimbidwe kakale kotchedwa bel canto: kuyendetsa mawu mofulumira ndi mwaukhondo, kuwapinda, kuwakweza ndi kuwatsitsa popanda msoko womveka. Mphunzitsiyu ankakumbukira kuti mtsikanayo ankafika m'mawa n'kukhala tsiku lonse, akumvetsera ngakhale maphunziro a anzake. Zonsezi zinkachitika nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati, mzinda wa Athens uli m'manja mwa asilikali a Italy ndi Germany, anthu akufa ndi njala m'misewu.

Mu 1947 anayimba La Gioconda ku Verona, motsogoleredwa ndi Tullio Serafin, ndipo kumeneko anakumana ndi Giovanni Battista Meneghini, mwini fakitale ya njerwa wamkulu kwa iye ndi zaka zoposa 25, amene anamukwatira mu 1949 n'kukhalanso woyang'anira ntchito zake. Chimene chinamutchukitsa chinachitika mu Januwale 1949 ku Venice. Callas ankayimba Brünnhilde mu Die Walküre ya Wagner, mbali yofuna mawu olemera, amphamvu ngati lipenga. Woyimba amene amayenera kuyimba Elvira mu I puritani ya Bellini anadwala, ndipo Serafin anauza Callas kuti alowe m'malo mwake. Elvira amafuna mawu opepuka, othamanga, okwera kwambiri. Nthawi imeneyo anthu ankaona kuti mbali ziwirizi ndi za oyimba a mitundu iwiri yosiyana kotheratu. Callas anaiphunzira m'masiku osakwana sabata, akupitiriza kuyimba Wagner, ndipo anaikwanitsa. Kuyambira pamenepo masewero a Bellini, Donizetti ndi Rossini, amene ambiri anali atayamba kuiwalika kapena kuonedwa ngati ongodzionetsera, anayamba kubwerera pa siteji.

Mawu akewo sanali otsekemera monga mmene ambiri amayembekezera. Pansi ankamveka akuda, pafupifupi ngati a alto. Pakati ankamveka ngati akuchokera m'botolo. Pamwamba ankabaya ngati chitsulo. Panali anthu amene sankawakonda mpang'ono pomwe, n'kumakonda Renata Tebaldi wa mawu osalala, ndipo magulu awiriwa ankakangana ngati otsatira mpira. Mphamvu ya Callas inali yakuti liwu lililonse linkanena chinthu. Mukamvetsera opera ya Tosca imene anajambula mu 1953 ndi Victor de Sabata, Giuseppe Di Stefano ndi Tito Gobbi, ngakhale musakumva Chitaliyana, mumadziwa pamene mkaziyo akuchita nsanje, pamene akunyengerera, ndi pamene mantha asanduka chidani. Popeza maso ake sankaona patali ndipo pa siteji sankavala magalasi, wotsogolera nyimbo ankamuona mwa chimbuuzi. Choncho ankaloweza zonse: mbali yake, mbali za anzake, ndi malo a chilichonse pa siteji.

Pakati pa 1953 ndi 1954 anachepetsa thupi ndi makilogalamu pafupifupi 36. Anasanduka mkazi wowonda, wa maso akuluakulu, amene ojambula zithunzi ankamuthamangira. Luchino Visconti anamutsogolera mu La traviata ku La Scala mu 1955, ndipo anthu anaona kwa nthawi yoyamba woyimba amene ankaonekadi ngati mtsikana amene chifuwa chachikulu chikumudya. Zaka zimenezo ndiye zinali pachimake. Zinali zochepa, ndipo m'kati mwake momwemo ming'alu inali itayamba kale kumveka.

Usiku wa pa 2 Januwale 1958 ku Rome ndi woyenera kuuyang'ana pafupi. Ankayimba Norma ya Bellini, mbali imene anaiyimba kambiri kuposa ina iliyonse, ndipo Pulezidenti wa Italy Giovanni Gronchi anali m'gulu la odzaonera. Callas anali atadwala pakhosi ndi m'chifuwa, anachenjeza akuluakulu a nyumbayo, koma sanakonze wina woti alowe m'malo mwake. Anayimba gawo loyamba movutikira, kenako anakana kutulukanso. Anthu anadikira, anakwiya, n'kubalalika. M'mawa mwake manyuzipepala anamunyoza kuti wachitira mwano mtsogoleri wa dziko. Chakumapeto kwa chaka chomwecho Rudolf Bing, mkulu wa Metropolitan Opera ya ku New York, anathetsa mgwirizano wa Callas ndi nyumbayo atasemphana pa ndondomeko ya masewero. Mbiri inafala yakuti Callas ndi wamakani, wodzimva, wosakhulupirika. Ine ndikamawerenga za usiku wa ku Rome ndimaona munthu amene wazindikira kuti thupi layamba kumukana, ndipo akusankha kunyozedwa m'malo mopereka nyimbo yopunduka.

Chinawononga mawuwo n'chiyani? Akatswiri akhala akukangana kwa zaka zoposa 60. Ena amati anayamba msanga kuyimba mbali zolemera, ali mtsikana, n'kumasinthasintha pakati pa zolemera ndi zopepuka mpaka chida chinatopa. Ena amaloza kuonda kuja, kuti thupi limene anaphunzirira kupuma linasintha mwadzidzidzi ndipo minofu yogwira mpweya sinabwererenso mwakale. Ena amati vuto linali la mtima ndi maganizo, kuti mantha atalowa kudzidalira kunathawa. Mu 2010 akatswiri awiri a ku Italy, Franco Fussi ndi Nico Paolillo, atasanthula nyimbo zake zojambulidwa ndi mafilimu, anati zizindikiro zikugwirizana ndi dermatomyositis, matenda amene amafooketsa minofu ya thupi, kuphatikizapo yopumira ndi ya m'kholingo. Zifukwa zimenezi sizikutsutsana kwenikweni. Zikhoza kukhala kuti zinaunjikana. Mfundo imene ndikufuna igwiridwe ndi yakuti kugwedezeka kwa mawu okwera kumamveka kale m'zojambulidwa za Aristotle Onassis asanalowe m'moyo wake.

Onassis, mpondamatiki wa ku Greece wa zombo zonyamula mafuta, anaitana Callas ndi mwamuna wake pa ulendo wa panyanja mu 1959, pa sitima yake yotchedwa Christina, Winston Churchill ali nawo pa ulendowo. Pobwerera banja la Meneghini linali litatha. Kuchokera pamenepo Callas anachepetsa kwambiri kuyimba. Ambiri amati anasiya nyimbo chifukwa cha mwamuna. N'zothekanso kuti anathawira kwa mwamunayo chifukwa nyimbo inali itayamba kumuvuta, ndipo kwa nthawi yoyamba wina ankamufuna popanda kumupempha kuti ayimbe. Anabwerera ndi Tosca ku Covent Garden ku London mu 1964, motsogoleredwa ndi Franco Zeffirelli, ndipo komweko pa 5 Julayi 1965 anayimba opera yathunthu komaliza, ali ndi zaka 41 zokha. Mu 1966 anasiya unzika wa America, zimene zinamumasula ku ukwati wake woyamba malinga ndi malamulo a Greece. Ukwati umene ankayembekezera sunabwere. Mu Okutobala 1968 Onassis anakwatira Jacqueline Kennedy pa chilumba chake cha Skorpios.

Sanakhale manja lende. Mu 1969 anasewera mu filimu ya Medea ya Pier Paolo Pasolini, mmene sanayimbe n'komwe. Mu 1971 ndi 1972 anaphunzitsa achinyamata ku sukulu ya nyimbo ya Juilliard ku New York, ndipo zojambulidwa za maphunzirowo zimatisonyeza Callas amene manyuzipepala sankamudziwa: mmisiri wodekha, woimitsa wophunzira pa liwu limodzi kuti amufunse chifukwa chimene wolemba nyimbo analiikira pamenepo. Mu 1973 ndi 1974 anayenda m'maiko ambiri ndi Di Stefano, akuyimba ndi piyano yokha. Anthu ankaimirira n'kuwomba m'manja kwa nthawi yaitali, koma mawu anali atatha, ndipo iye ankadziwa. Anayimba pagulu komaliza ku Sapporo, Japan, pa 11 Novembala 1974. Kenako maliro anatsatana: Onassis mu Malichi 1975, Pasolini mu Novembala chaka chomwecho, Visconti mu Malichi 1976. Anadzitsekera m'nyumba ya ku Paris ija.

Apa ndi pamene filimu imamupeza, ndipo tiyenera kudziwa kuti sabata imene tikuonayo ndi yopeka pa mbali yaikulu. Za m'nyumbamo ankazidziwa ndi anthu ochepa kwambiri, choncho Knight ndi Larraín anadzaza mpatawo ndi maloto. Mtolankhani wachinyamata amene amayenda naye m'misewu ya Paris n'kumamufunsa za moyo wake, amene akuseweredwa ndi Kodi Smit-McPhee, kulibe. Ali m'mutu mwa Maria mokha, ndipo dzina lake ndi Mandrax, dzina la mapiritsi ogonetsa amene akumwa. Ife a kum'mwera kwa Africa dzinali timalidziwa mwa njira ina, chifukwa ku South Africa mapiritsiwa anasanduka mankhwala ozunguza bongo osuta pamodzi ndi chamba. Koma ku Ulaya m'zaka zimenezo madokotala ankawalembera anthu osowa tulo. Njira imeneyi imapatsa filimu ufulu: anthu odutsa pamsewu amasanduka kwaya, oyimba zida amaoneka atakhala pa mvula, ndipo zakale zimabwera mu zithunzi zakuda ndi zoyera. Edward Lachman, amene anajambula, anasankhidwa kupikisana nawo pa mphoto za Oscar chifukwa cha ntchitoyi, ndipo m'pake: Paris wake ali ndi kuwala kofiirira kwa masamba ouma, ngati dzuwa limene latsala pang'ono kulowa.

Zimene zinandigwira mtima kwambiri ndi zazing'ono za m'nyumba. Ferruccio, wantchito wamwamuna amene akuseweredwa ndi Pierfrancesco Favino, msana ukumupweteka, koma Maria amangomuuza kuti asunthe piyano kuchoka pa zenera ili kupita pa linalo, mawa n'kuibwezanso. Iye amakankha osadandaula, ndipo amalemba m'kabuku mapiritsi amene abwana ake amwa, pamene abwanawo akubisa ena m'matumba a zovala. Bruna, amene akuseweredwa ndi Alba Rohrwacher, ali kukhitchini akukazinga mazira, Maria n'kuima pomwepo kuyimba, kenako n'kufunsa kuti zamveka bwanji. Bruna amayamikira. Onse awiri akudziwa kuti si zoona, ndipo bodzalo likuchokera m'chikondi. Piyano yosapeza malo ija ikunena zonse: chida chilipo, nyumba ilipo, koma palibe ngodya imene nyimbo ingakhalenso bwino.

Nkhani ya mawu m'filimuyi ndi imene inafuna luso lalikulu. Jolie anaphunzira kuyimba kwa miyezi pafupifupi isanu ndi iwiri, kapumidwe, kaimidwe ndi katchulidwe ka Chitaliyana, ndipo pojambula ankayimbadi mokweza. Kenako akatswiri anasakaniza mawu ake ndi a Callas weniweni. M'zithunzi zakale, pamene Callas ali pa La Scala mu ulemerero wake, pafupifupi zonse zimene tikumva ndi Callas. M'zithunzi za 1977, pamene akuyeserera ndi woyimba piyano m'holo yopanda anthu, mawu a Jolie ndi amene amachuluka. Zotsatira zake n'zakuti khutu lathu limamva mtunda umene uli pakati pa mawu akale ndi atsopano, ndipo mtunda umenewo ndiwo unali chizunzo cha mayiyu. Oyimba a zaka mazana apitawo akakalamba, ulemerero wawo unkatsala m'chikumbumtima cha anthu basi. Callas anali ndi zimbale. Nthawi iliyonse akanatha kuika singano pa mbale n'kumva mtsikana wa zaka 30 akuchita mosavutikira chimene iye sangathenso, ndipo mtsikanayo anali iye mwini. Pamenepa filimuyi yalasa.

Pamene yaphonya ndi pa kagawidwe ka nthawi. Onassis, amene akuseweredwa ndi Haluk Bilginer, wapatsidwa malo aakulu: phwando limene anakumanirana, sitima, chipatala. Muli John F. Kennedy, muli usiku wa mu Meyi 1962 ku Madison Square Garden pamene Marilyn Monroe anayimbira pulezidentiyo nyimbo ya tsiku lobadwa, mwambo umene Callas anayimbanso nawo. Koma de Hidalgo, Serafin ndi Visconti, anthu amene anaumba naye luso lake, simuwamva kulemera kwawo. Simuona sabata ya ku Venice ija, kapena Callas wa magalasi ochindikala atawerama pa pepala la nyimbo mpaka usiku. Tikuuzidwa kuti anali wamkulu, koma sitikuonetsedwa thukuta limene linamanga ukuluwo, choncho kutayika kwake kumaoneka ngati chisoni cha mfumukazi osati cha mmisiri amene manja ake afa. Jolie ndi wodekha, waulemu wake, ndipo maso ake amanena zambiri. Koma Callas wa m'zojambulidwa za ku Juilliard anali wachangu, wolunjika, wotanganidwa ndi ntchito, ndipo ameneyo ndinamusowa.

Kumapeto, dokotala atamuchenjeza kuti thupi lake silingapirirenso kuyimba, Maria amaima m'nyumba mwake atavala chovala chogonera n'kuyimba "Vissi d'arte", nyimbo ya Tosca imene mawu ake oyamba amatanthauza kuti ndinakhalira luso, ndinakhalira chikondi. Mawu amatuluka pa zenera, anthu amaima mumsewu, antchito ake amene anapita kukagula zinthu amakweza maso. Zimenezi sizinachitike. Filimu yamupatsa mphatso imene moyo unamumana: kuyimba kamodzi komaliza mofika, osayimbira mayi ake, mwamuna, kapena odula matikiti.

Zimene zinachitikadi n'zachete. Mwambo wa maliro unachitikira m'tchalitchi cha Agiriki ku Paris, thupi linawotchedwa ku manda a Père Lachaise, ndipo mu 1979 phulusa lake linamwazidwa m'nyanja ya Aegean, kufupi ndi Greece. Nditamaliza kuonera kachiwiri ndinazimitsa nyali, n'kutsegula Tosca ya 1953 ija pa foni, pa gawo lachiwiri pamene Scarpia, mkulu wa apolisi wankhanza, wamupanikiza Tosca. Zida zimatsika, pamakhala kachetechete pang'ono, kenako mumamva Callas wa zaka 29 akukoka mpweya.